Ndinkafuna Manda a Jasinto

Inu ana, dzulo munatsala pang'ono kumenyana pansi pa mango chifukwa cha Mulungu. Ndinakumvani, musaganize kuti makutu anafa. Iwe Dalitso wabwera kuchokera ku koleji ku Chipata ndi magalasi, ndi nzeru yakuti kumwamba kulibe aliyense, kuli mitambo yokha. Iwe Tereza ukuti Yesu unamupeza kale, ali mu tenti ya mneneri wako pa boma, ndipo amalankhulira m'zimkuzamawu. Nonse awiri mukulankhula ngati anthu amene anapita n'kukadzionera. Ndinafuna kukuyankhani, koma pakamwa popanda mano mawu amatuluka ngati phala, mukanangoseka. Ndiye ndalemba. Zilembo zanga n'zokhota chifukwa pensulo ndinaigwira imvi zitayamba kale. Muwerenge modekha.

Sindiweruza mlandu wanu. Ndikuuzani za agogo anu aakazi, a Rozaria aNabanda, amene zaka zonse zimene anakhala pakhomo pano ankafuna chinthu chimodzi chokha: kuimirira pa Misa, kupita kutsogolo, n'kulandira Ukaristia.

Agogo anuwo sanabadwire kuno. Anabwera nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, pamene anthu ankatsika m'mapiri a kumalire ali ndi miphika pamutu, mapazi atang'ambika. Inu mukamva mawu akuti othawa nkhondo mumaganiza za anthu a pa wailesi yakanema. Ayi, anali anthu olankhula Chichewa chathu chomwechi, a Phiri ndi a Banda ngati ife, kungoti mchere ankautchula mwina. Agogo anu anafika atabereka mwana wamkazi, Marita, malemu amayi ako iwe Tereza. Ankagwira ganyu m'minda ya anthu kuti alandire chimanga, ndipo ndinawadziwira m'munda wanga wa nsawa kuno kwa Mlolo. Ine ndinali nditabwerako ku mafamu a fodya, mkazi woyamba atandithawa, ndilibe kanthu koma njinga ndi ludzu la kachasu.

Mwambo wathu mukuudziwa, mwamuna ndiye amakamanga kwa mkazi. Koma kwawo kwa iwo kunali phulusa, ndiye anabwera kwathu. Nkhoswe wawo anali nkhalamba ina yothawa nayo limodzi, yosakhala ngakhale m'bale. Tsiku loyamba lomwe agogo anu anandiuza zonse, osabisa.

"Ine ndinakwatiwa m'tchalitchi," anatero. "Mwamuna wanga ndi Jasinto Mwale. Asilikali a m'tchire anamumanga chingwe m'chiuno pamodzi ndi amuna ena kuti akawasenzere katundu. Otengedwa motero sabwerera. Ndinalira, ndinameta. Ngati mukundifuna, mundifune mukudziwa zimenezo."

Ndinati ndamva. Kunena zoona ndinkangoyang'ana khosi lawo.

Za tchalitchi ine ndinalibe nazo ntchito. Ndinabatizidwa ndili khanda, chikuku chitandigwira, mayi anga poopa kuti ndifa wopanda dzina la Chikhristu. Nditachira nkhani inathera pomwepo. M'tchalitchi ndinkalowa pa maliro pokha. Koma agogo anu Lamulungu lililonse ankasamba m'mamawa, n'kuvala chitenje chawo chabwino chija, ulendo ku katchalitchi kathu ka kumudzi. Masiku amenewo kanali ka zidina zosawotcha, kofolera ndi udzu, mipando yake youmba ndi dothi. Si iyi ya malata imene mumadandaula kuti ikutentha. Ansembe ankabwera mwa apo ndi apo pa njinga yamoto, mitsinje ikaphwa.

Ndikuuzeni chimene chinandipititsa koyamba, museke. Inali nsanje. Ndinkati mkazi sangasambe chotere chifukwa cha Mulungu yekha, kuli mwamuna wa kwaya kumeneko. Ndinawatsatira tsiku limene ansembe anabwera, n'kukhala kumbuyo mbali ya amuna, maso ali pa iwo. Mwamuna sindinamuone. Chimene ndinaona n'chakuti anthu ataimirira kupita kutsogolo kukalandira, iwo anatsala atagwada pa mzere womaliza. Maso anali pa manja a wansembe. Aliyense akalandira, kukhosi kwa agogo anu kunkayenda, kumeza. Kumeza malovu, ngati mwana amene akuonerera anzake akudya.

Pobwerera ndinafunsa, "ANabanda, bwanji inu simunapite?"

"Chifukwa cha inu."

"Ine ndalakwanji?"

"Simunalakwe. Koma ukwati wathu ndi wa pakhomo, sunadalitsidwe. Wokhala motero salandira."

"Kamakoma bwanji kanthu kameneko?"

Anaseka. "Sikakoma n'komwe. Kamangosungunuka. Koma ukameza umadziwa kuti suli wekha."

Mawu amenewo anandilowa ngati munga. Mkazi amene anawoloka mapiri yekha ndi mwana kumsana, amene ndinkagona naye mphasa imodzi, ankadziona kuti ali yekha. Ndinati ngati pali wina amene amachotsa zimenezo mwa munthu, ndimufune ndimupeze, ndipo nditsegule njira yakuti mkazi wanga abwerere kwa iye.

Ndinalowa kalasi ya katekisimu. Aphunzitsi athu a katekisimu, a Mbewe, anaona kuti ndikungoloweza ngati chinkhwe, ndipo ananditumiza ku sukulu ya akuluakulu imene inkachitika masana ana akaweruka. Tangoganizani, bambo wa ndevu atapinda miyendo pa kampando ka mwana, sileti m'manja, akulimbana ndi chilembo cha g. Inu mumalemba ndi zala ziwiri pa foni muli chigonere, osadziwa kuti zala zozolowera khasu zimachita thukuta pogwira choko. Ana ankasuzumira pa windo n'kumaimba dzina langa. Ndinapirira. Tsiku limene ndinawerenga ndekha Malamulo Khumi ndinayenda ngati ndakwera ng'ombe.

Apa ndiye pamene panayambira vuto langa, ngakhale nthawi imeneyo ndinkati ndi chipulumutso. Zilembo ndinazikonda chifukwa zinali zowongoka, ngati mizere ya chimanga chobzala ndi chingwe. Ichi chita, ichi usachite. Ndinasiya kachasu. Ndinayamba kudzudzula abale anga. Mkhristu watsopano ali ngati mpeni watsopano, amafuna kudula chilichonse chimene wachiona. A Mbewe omwe ankandiuza kuti, "A Phiri, pang'onopang'ono, kumwamba sikuthawa."

Nkhondo itatha, anthu ambiri atabwerera kwawo, tinapita ku parishi kukaonana ndi wansembe wamkulu, bambo mfumu. Anali munthu wa kwathu konkuno, wotopa, wa nsapato zong'ambika, ndipo anatimvetsera bwino. Pomaliza anati, "Ngati mwamuna woyambayo anamwalira, ukwati wanu ndiudalitsa ngakhale mawa, ndipo nonse mudzalandira. Koma sindingangoganiza, ndiyenera kudziwa. Pitani mukaone manda ake, kapena mukapeze akuluakulu awiri amene anamuona akuikidwa."

Titakolola ndinamanga ulendo. Agogo anu anandikazingira chimanga ndi nsawa, n'kundiumbira chiponde m'masamba a nthochi. Njinga yanga inali ija ya mabuleki achitsulo, yolemera ngati ngolo, ndipo tayala likaphulika unkalitsendera udzu n'kumapita. Lero mumangokwera njinga yamoto, dzuwa lisanapendeke mwafika kutsidya, mwagula nsomba, mwabwerako. Nthawi imeneyo kutsidya kwa malire njira zinali zitamera, ndipo m'nthaka munali mabomba. Anthu anandilangiza kuti ndiziponda pamene paponda ng'ombe, ndisapatuke ngakhale pofuna kutaya madzi. Ndinadutsa midzi imene munatsala mitengo ya mango yokha ndi mafuwa.

Njira yonse ndinkapemphera, ndinkaimba. Pemphero lake mukulidziwa? "Ambuye Yesu, ndithandizeni ndipeze manda." Ndinkalinena ndi mtima woyera, osamva ngakhale pang'ono chimene ndikupempha.

Nditafika m'mudzi wa kwawo ndinapeza amuna akufolera nyumba. Ndinatsamiritsa njinga, ndinaomba m'manja, tinalonjerana. Kenaka ndinati, "Pepani akuluakulu, ndachokera ku Zambia. Ndikufuna wina andilozere manda a Jasinto Mwale."

Onse analeka kufolera n'kundiyang'ana. Kenaka wina anaphulika kuseka, ena n'kutsatira, mpaka mayi wina anakhala pansi atagwira nthiti. Munthu amene anali pamwamba pa denga anaponya mtolo wa udzu pansi nati, "Dikirani nditsike, achimwene, ndikakulozereni ndekha."

Anali iyeyo. Wamtali, wakuda bii, khutu limodzi lodulidwa mpaka pa tsinde. Mphuno yakoyo, Tereza, ndi yake.

Ndinkayembekeza nkhwangwa. M'malo mwake anandiphera nkhuku. Anali ndi akazi awiri ndi ana osawerengeka. Atamva kuti Rozaria ali moyo anagwira pakamwa. Atamva kuti Marita wakula, akutunga madzi, analira osabisa nkhope, akazi ake akuona. Kenaka anaitanitsa kachasu. Ine ndinakana, n'kumuuza kuti ndine Mkhristu.

"Nanenso ndinali," anatero. "Ndinkatumikira pa guwa ndili mnyamata, Chilatini chomwe ndinkachidziwa. M'tchire muja Yesu wanuyo ndinamuitana mpaka mawu anatha. Amene ankatitsogolera mapemphero anamupha ine ndikuona, akupemphera. Khutu ili linagwa ndikutchula dzina lomwelo. Sanabwere. Mwina anali ku Zambia."

Ndinamuuza chimene ndinadzera. Anamvetsera akutafuna fupa, kenaka anadzuka nati tiyeni. Ananditengera kuseri kwa mudzi, pansi pa mtengo wa msuku, pa mtumbira wopanda mtanda.

"Apa pagona mkulu wanga. Dzina palibe. Kuyambira lero ndi manda a Jasinto. Madala awiri aja mwawaona akumwa paja, ndiwapatsa botolo limodzi, akwera nanu mpaka kwa ansembe anu, akalumbira kuti anandiika ndi manja awo. Ndipo sadzanama kwenikweni. Jasinto amene anakwatira Rozaria anaferadi m'tchire. Uyu mukumuonayu ndi makoko. Ine sindidzaponda ku Zambia, palibe adzandione. Mulekeni mkaziyo akalandire kamkate kake. Ankakakonda kuposa mmene ankandikondera ine."

Inu ana, munthu wosakhulupirira, chidakwa cha mitala, anandipatsa m'manja chinthu chimene ndinachiyendera ulendo wonsewo. Ine ndinaimirira mowongoka pa manda a eni ake, n'kunena mokweza ngati ndili m'kalasi, "Usachite umboni wonama."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Achimwene, kuwerenga mwaphunzira liti?"

"Chaka chatha."

"Zikuoneka," anatero. M'mawa mwake anandimangirira thumba la mapira pa njinga, lakuti ndikapatse Marita.

Pobwerera, pali malo pamene njira imagawikana, ina kubwera kuno kumudzi, ina kupita ku parishi. Mwana aliyense wa Mchewa amadziwa kuti wochokera ku ulendo amayamba wafika pakhomo, kutula katundu, kumwa madzi, kufotokoza malonje kwa eni nyumba. Za kunja zimabwera pambuyo. Ine ndinakhotera ku parishi. Choonadi chinkanditentha m'kamwa, ndinkafuna bambo mfumu aone mtundu wa Mkhristu amene wapezeka kwa Mlolo.

Ndinawafotokozera zonse, za denga, za khutu, za manda a pansi pa msuku. Sanandiyamikire. Anaphimba nkhope ndi manja awo.

"A Phiri, kunyumba mwafikako?"

"Iyayi, bambo, ndayamba kuno."

"Mukanayamba mwafika kunyumba," anatero motsitsa mawu.

Mpaka lero ndimawatembenuza mawu amenewo. Kodi ankangonena za ulemu? Kapena ankatanthauza kuti chimene wansembe sanachimve sichimumanga? Anamwalira ndisanawafunse. Chimene ananena poyera n'chakuti tsopano, poti akudziwa, manja awo ndi omangika. Njira zinali zitatu: tisiyane, kapena tilonjeze kukhala ngati mlongo ndi mlongo wake, kapena tidikire mpaka Jasinto atamwalira.

Agogo anu ndinawapeza akusenda nsawa pakhonde. Nditanena kuti Jasinto ali moyo anaika manja pamutu nati, "Mulungu alemekezeke, Marita ali ndi bambo." Anafunsa ngati wanenepa, ngati amayi ake anapulumuka. Kenaka ine, ndi kunyada kwanga konse, ndinafotokoza za manda abodza aja ndi mmene ndinakanira. Manja awo anaima m'lichero.

"Nkhani imeneyi mwauza yani?"

"Bambo mfumu."

"Musanandiuze ine."

"Kodi mukanafuna kuti ndikaname pamaso pa wansembe?"

"Sindikudziwa chimene ndikanafuna, a Phiri. Simunandifunse."

Anapitiriza kusenda. Sanakalipe tsiku limenelo, ngakhale tsiku lina lililonse. Ndikanakonda akanandiponyera lichero lija kumaso. Za kukhala ngati mlongo ndi mlongo wake anangoloza mimba yawo, pakuti anali ndi pakati pa mng'ono wa bambo ako iwe Dalitso, nati, "Mlongo wake ndi ameneyu?"

Ndiye tinasankha kudikira. A Mbewe ankatilimbikitsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Anadekha agogo anu. Ndani ankazira pansi pa tchalitchi ndi dothi lakuda chisanabwere simenti? Ndani ankachapa nsalu za pa guwa, kuzisita ndi simbi ya makala, osapsereza ngakhale kamodzi? Ansembe akabwera, nkhuku yophikidwa bwino inkachokera pakhomo pano. Koma yunifolomu ya bungwe la amayi sanaloledwe kuvala. Kuimira mwana pa ubatizo sanaloledwe. Amayi ena amene tonse tinkadziwa kumene amapita dzuwa likalowa ankapita kutsogolo manja ali pachifuwa, pobwerera n'kuwalambalala agogo anu ngati chitsa. Wina anawauza pa chitsime kuti, "Inu a ku Mozambiki, amuna awiri onse amoyo, mudzatigawireko." Iwo anabwera n'kundiuza akuseka, koma tsiku limenelo sanadye.

Tereza, Yesu wako amene amayankha msanga Lachisanu lililonse, anali kuti zaka zimenezo? Ndipo iwe Dalitso usamwetulire. Ngati kulibe aliyense, ndiye kuti agogo ako anameza malovu moyo wawo wonse chifukwa cha ufa ndi madzi. Ungathe kunena zimenezo utaima pa manda awo? Ine ndayesa, mawu amakana kutuluka.

Panali munthu wina wa malonda, a Zuze, wa kumudzi kwa Jasinto, amene ankabwera ndi nsomba zouma pa njinga n'kumagona kwathu akamapita ku msika wa pa boma. Nthawi iliyonse akafika ndinkawatengera pambali. "Kaya a Jasinto ali bwanji?" Iwo ankati ali bwino, agula ng'ombe. Ulendo wina ankati anadwala chifuwa, mtima wanga n'kudumpha, kenaka n'kumaliza kuti koma achira. Jasinto anazindikira chimene ndinkafunsira, ndipo anayamba kutumiza moni. "Mukawauze a Phiri kuti ndikuyesetsa kufa, koma kachasu akundisunga." Marita atakwatiwa anatumiza mbuzi. Marita atamwalira anatumiza nsalu, Jasintoyo ali pa mphasa ndi malungo, ndipo ine pa maliro a mwana amene ndinamulera ndekha ndinapezeka ndikuganiza kuti mwina malungo amenewo amutenga.

Pamenepo ndinadziona. Zaka zonsezo ndinkagwada pamaso pa Mpulumutsi kumupempha kuti aphe munthu amene anandiphera nkhuku. Kukalapa sindikanatha, pakuti wosadalitsa ukwati kolapira nakonso n'kotseka. Ndiye ndinadziweruza ndekha. A Zuze atabweranso ndinawauza kuti, "Kuyambira lero dzina la Jasinto musadzalitchulenso pakhomo pano. Ndikafunsa, musandiyankhe." Iwo anati chabwino. Ndinamva kupepuka, ndinati ndagonjetsa tchimo.

Titakalamba, mawondo atayamba kulira, ndinawauza agogo anu kuti, "ANabanda, tsopano zija zinatha zokha. Tiyeni tikalonjeze kwa ansembe kuti tikukhala ngati mlongo ndi mlongo wake, mukalandire."

Anandiyang'ana monga anandiyang'anira Jasinto pa manda paja.

"Ndikaime pamaso pa wansembe ndikanene kuti inu si mwamuna wanga? Ndakuberekerani ana, ndakuchapirani, ndakupirirani ndi Malamulo anu Khumi. Bodza munalikana kutsidya lija mukufuna ndikalinene ine? Ndidzalandira ndili mkazi wanu, apo ayi ndidzalandira kumwamba."

Nkhani imeneyo sindinaiyambitsenso.

Mmene anapitira mukudziwa, ena a inu munalipo. Inali nthawi yokumba nsawa, Pasaka itangopita. Anawerama kuti azule phata, n'kugwa chafufumimba. Pofika nawo pa ngolo ku chipatala chaching'ono anali atazizira kale. Panalibe nthawi yoitana wansembe. Akhristu a mumphakati mwathu anabwera, anaimba bwino, sindingawanamizire.

Chimene simukudziwa ndi ichi. Titabwerako kumanda, amuna titakhala pansi pa mtengo, a Zuze anadzakhala pafupi nane. Anali atakalamba nawonso, malonda atasiyira ana awo, koma uthenga wa maliro unawapeza ndipo anabwera. Anapukusa mutu nati, "Ha, atsatana ndithu. A Jasinto nawonso tinawaika mvula isanayambe."

"Mvula iti?"

"Yomwe yathayi. Anagona osadzuka."

"A Zuze, bwanji simunatumize mawu? Mafoni ali ponseponse masiku ano!"

Anadabwa. "Si munandiletsa ndinu, a Phiri? Munati dzina limenelo lisadzamvekenso pakhomo panu. Ine ndinasunga mawu anu."

Werengani nokha, inu ophunzira. Mvula isanayambe. Ndiye kuti pa Khirisimasi, ansembe atabwera kuno, agogo anu anali mfulu. Pa Pasaka, atachapa nsalu za pa guwa, atagwada pa mzere womaliza n'kumameza malovu, panalibe chowaletsa chilichonse koma mawu ochepa a wansembe pa ife awiri. Chitseko chinali chitatseguka dzinja lonse, ife titakhala panja pake. Ndinanena zoona, zinawatsekera. Ndinaleka kufunira mnzanga imfa, zinawatsekeranso. Nthawi zonse ziwiri ndinkachita zimene ndinkati Yesu akufuna. Ngati ankaona, bwanji sanagwedeze lilime la a Zuze? Amene anatsegula maso a akhungu analephera kutumiza mawu kudutsa phiri limodzi?

A Mbewe, amene tsopano amayenda ndi ndodo, anamva zonsezi ali pomwepo. Anandigwira phewa, ndipo ndikudziwa kuti ankafuna kunditonthoza. Anati, "Limbani mtima, a Phiri. Chinanso, kwa inu tsopano njira yatseguka. Mukalape, Lamulungu likudzali mukhoza kulandira." Dothi la manda a mkazi wanga linali lisanachoke m'zikhadabo zanga.

Sindinapite kutsogolo Lamulungu limenelo, ngakhale lina lililonse. Kutchalitchi sindinasiye, ndinkapita mpaka miyendo inakana. Anthu amati ndimadzilanga. Ena amati ndinakwiya. Ine sindidziwa dzina lake. Ndimangodziwa kuti mbale imene anamanidwa mkazi wanga singanditsikire kukhosi.

Mwezi wathawu kunabwera wansembe watsopano, mwana wamng'ono, msinkhu wa iwe Dalitso. Akuyendera okalamba amene sangathe kufika ku tchalitchi. Anaimika njinga yamoto apo pa nkhokwe, amayi awiri a mumphakati akuimba pambuyo pake. Anakhala pa mpando, anandimvetsera nkhani yonseyi osayang'ana wotchi. Kenaka anatulutsa m'thumba la pachifuwa kachitini kakang'ono konyezimira, n'kukatsegula. Aka kanali koyamba kukaona pafupi chotero. Kanthu koyera, kopyapyala ngati khoko la adyo.

"Agogo," anatero, "Ambuye abwera pakhomo panu."

Ndinati, "Bambo, manda ali kuseri kwa dimba uko. Yambirani kumeneko. Mwini njala ali uko."

"Amayiwo sakumvanso njala. Ali pa phwando, akumuona maso ndi maso."

"Munawaona?"

Amayi oimba aja analeka nyimbo. Mwanayo anayang'ana pansi, kenaka anandiyang'ana m'maso.

"Iyayi, agogo. Sindinawaone. Ndimangokhulupirira, ndipo masiku ena zimandivuta."

Pa zonse zimene ndamva kwa ansembe moyo wanga wonse, mawu amenewo ndiwo ndinawakhulupirira msanga. Ndinatsala pang'ono kutsegula pakamwa. Koma nsagwada zinagwirana zokha, ndipo iye sanandikakamize. Anatseka kachitini kaja, anakabwezera m'thumba, nati adzabweranso.

"Mudzabwere," ndinatero. "Ndipo Mwini wakeyo mumuuze kuti sanasochere, nyumba ndi yomweyi. Wangochedwa."

Analiza njinga yake napita, amayi aja akutsatira wapansi, osatsanzika bwino. Fumbi litatsika ndinapeza kuti ndagwada pabwalo, ndodo ili poteropo. Sindikudziwa kuti ndinagwada nthawi yanji, ndipo musandifunse kuti ndinkagwadira yani. Panalibe wondidzutsa, ndiye ndinakhala choncho mpaka mbuzi zinabwerako kudambo.